Wenzulo ndi Sipuni

"Galu ameneyu," anatero a Refa pakhonde, "ndikaimba wenzulo kamodzi, ngakhale ali kuseri kwa dziko, amabwera. Osati mawa. Pompo."

Akazi awo anali kukhitchini akupukuta makapu, ndipo mawuwo analowera pawindo monga ankachitira Loweruka lililonse. Mayiwo sanaseke, sanatsokomole. Anangosuntha kapu yawo yachitsulo yosupuka m'mlomo n'kuiika pafupi ndi dzanja lamanja, sipuni pambali pake.

Pakhondepo panali anthu a masiku onse: a Telala, amene shopu yawo inali pakona ya msewu womwewo, ndi a Makaniko, amene ankabwera ndi bolodi ya drafuti m'khwapa ndi girisi m'zikhadabo. A Refa anali atasiya kuimbira mpira kalekale, mawondo atakana, koma ntchitoyo inali isanawasiye iwo. Wenzulo inkalendewerabe m'khosi pa chingwe chakuda, ndipo m'thumba la malaya munkagona makhadi awiri, lachikasu ndi lofiira. Lachikasu linali litaonetsedwa kwa wowerenga mita ya madzi, kwa wogulitsa mazira, ndi kwa mpongozi wawo wamwamuna kawiri konse. Lofiira ankalisunga. Ankati chinthu chachikulu sichituluka pa nkhani zazing'ono.

"Amabwera chifukwa cha wenzulo kapena chifukwa choti yakwana nthawi ya tiyi?" anafunsa a Telala, maso ali pabolodi.

"Inu ntchito yanu ndi mabatani. Za mwambo wa nyama tisiyireni ife," anayankha a Refa. "Ndipo mumve bwino. Tsiku limene galu wanga Penate adzakane wenzulo yanga, ine ndidzaima pano pamaso panu, ndidzadzionetsa ndekha khadi lofiira, n'kutuluka m'bwalo. A Makaniko, mwamva? Ndinu mboni."

"Ndamva. Sewerani, ndi nthawi yanu."

Koma a Refa anali ataimirira kale. Anapita pamalo awo a nthawi zonse, pa sitepe ya khomo la kukhitchini, natukula chifuwa, nakweza dzanja limodzi ngati akuloza pakati pa bwalo. Wenzulo inalira mpaka nkhunda zinadzambatuka padenga la oyandikana nawo.

Kumunsi kwa mpanda, kuseri kwa thanki ya madzi, galu wofiirira anagonetsa makutu, napinda mchira, nayamba kufunafuna pobisala. Pomwepo m'khitchini munamveka kaphokoso kakang'ono, kotayika m'mapiko a nkhunda: ngwe, ngwe. Makutu aja anadzuka. Penate anathamanga kudutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, kulunjika pakhomo la kukhitchini, pamene a Refa anawerama n'kumugwira lamba wa m'khosi asanadutse.

"Mwaona?"

"Taona," anatero a Makaniko.

Patapita kanthawi, nkhani zitabwerera ku drafuti, galuyo anazemba n'kulowa m'khitchini. Mayiwo anamupatsa malipiro ake: khungu la buledi lonyikidwa mu tiyi.

Zinayamba popanda kupangana. Penate anabwera m'nyumbamo ali kamwana, chaka chimene mwana wawo womaliza anasamuka n'kusiya zipinda zikulankhula zokha. Tsiku loyamba limene a Refa anamuimbira wenzulo, kagaluko kanathawira pansi pa bedi ndipo kanakana kutuluka. Mayiwo anaona nkhope ya amuna awo tsiku limenelo: nkhope ya munthu amene waimba kuti mpira watha koma osewera akupitirizabe. Inali nthawi ya tiyi. Anagogoda kapu ndi sipuni, monga ankachitira akamathira shuga, ndipo kagalu kanatulukira kudzafunsa za buledi. A Refa anati, "Wayamba kumva." Mayiwo anati, "Wayambadi." Kuyambira pamenepo wenzulo ikalira, sipuni inkayankha. Galu anakula, anakalamba, maso anayamba kuchita ng'ala, koma ntchito inkayendabe bwino, ndipo panalibe wodandaula.

Chimene chinasokoneza zinthu ndi mdzukulu. Mwana wawo wamkazi anachira kutali, ndipo mayiwo ananyamuka kukathandiza kusambitsa khanda ndi kudzudzula mpongozi m'malo mwa amuna awo. Anasiya malangizo onse: nthawi yodyetsa galu, mankhwala a mawondo, mpopi wa kubafa umene umafuna kutsekedwa mwaulemu. Za sipuni sakanatha kusiya malangizo.

Atabwerera, geti linatseguka popanda mchira wolimenya. Mbale ya galu inali yodzaza, nyerere zitaipeza kale. Pa msomali wa pakhomo panalendewera lamba wa m'khosi, ndi kachitsulo kake kolembedwa nambala ya foni. A Refa anakhala pakhonde manja ali pamawondo, ngati munthu wodikira dzina lake kuchipatala.

"Bambo, galu ali kuti?"

"Mwayenda bwanji, mayi? Mwana ali bwanji? Akuti wafanana ndi ine?"

"Wafanana ndi munthu. Galu ali kuti?"

"Ali kunja kwa bwalo kwakanthawi."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati ulusi wa juzi yakale, ndipo theka lake linachokera kwa a Telala, amene anabwera chipewa chili m'manja. Iwo ndi amene ananena, Loweruka lija mayi kulibe, kuti timu iliyonse imalusa pakwawo, ndipo galu weniweni amaonekera koyenda. Ndiye anatengana atatuwo kupita pabwalo lopanda kanthu la kuseri kwa depoti ya mabasi. A Refa anamuvula galu lamba, nati galu wophunzira safuna chingwe. A Makaniko anamutengera kumapeto kwa bwalo. Wenzulo inalira. Penate anayang'ana uku, anayang'ana uko, anadikira kanthu kena kamene sikanabwere, kenako anapinda mchira n'kulowa pakati pa mabasi.

"Ndinaimbanso kachiwiri," anatero a Refa.

"Ndiye?"

"Anawonjezera liwiro."

Mayiwo sanakalipe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma kunena mwambi kwa munthu amene mlomo wake wamupeza kale n'kungotaya mwambi. Analowa m'nyumba, anavula nsapato, anakhala pampando wa kukhitchini. Mapazi awo anazizidwa. Zaka zonsezi pamapazi pamenepo pankagona galu, akumvetsera za mtengo wa magetsi, za mawondo a bambo, za ana amene saimba foni, ndipo sanaululepo kanthu kwa munthu. M'mawa mwake, akuthira shuga, dzanja linagogoda kapu lokha. Palibe amene anabwera. Tiyi ameneyo anathera m'sinki.

Anamufuna misewu yonse. A Refa ankayenda patsogolo akuimba wenzulo pa mphambano iliyonse, mpaka alonda a m'masitolo anayamba kutuluka ndi zibonga.

"Bambo, ibiseni kaye. Anthu akuyesa kuti kuli akuba," anatero mayiwo, ndipo chimenecho chinali chifukwa chokwanira.

Amene anawathandiza anali mayi wina wothira mafuta pa filing'i siteshoni ya ku msewu waukulu. Anati inde, galu wofiirira, wokalamba, wotsimphina mwendo wakutsogolo, anagona kuseri kwa pampu ya mpweya. Anamupatsa madzi m'chigubu chodula pakati, namumanga ndi chingwe cha epuloni yake kuti asalowenso mumsewu, naimbira anthu a mzinda osunga ziweto zosochera. Galimoto yawo inadzamutenga. Akazi a Refa anagwira dzanja la mayiyo ndi manja awo onse awiri, osalisiya, mpaka magalimoto a pamzere anayamba kuliza mahutala.

"Amayi, ndinangomupatsa madzi," anatero wothira mafutayo, akuseka mwamanyazi.

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndi madziwo amene ndikunena."

Pafoni, a kosungira agalu sanazungulire. Galu wotere analipo. Koma nthawi yosungira galu wopanda mwini inali ikutha tsiku lomwelo, ndipo banja lina linali litamusankha kale, likubwera madzulo kudzamutenga. Ngati ndi wanu, bwerani tsopano, ndi umboni.

A Refa anavala malaya oyera, atasita ndi thumba lomwe la makhadi. Mayiwo analowa kukhitchini, nakulunga kapu yachitsulo ndi sipuni m'kansalu kopukutira mbale, naziika pansi penipeni pa chikwama cha m'manja. Nzeru yawo inali yosavuta: bambo aimbe, iwo aime kumbuyo kwawo, dzanja m'chikwama. Galu abwerere kwawo, ndipo mwamuna abwerere ndi nkhope yake.

Anapita pa galimoto ya a Makaniko, imene, monga galimoto ya makaniko aliyense, inkalira chokankha. A Telala anakankha nawo, ndipo italira anangodumphiramo. Anati akupita chifukwa mlandu unali wawo pang'ono. Mbali ina ya chifukwa sanainene, koma inkaoneka m'maso.

Malowo anali kumapeto kwa mzinda, kupitirira mosungira katundu. Kununkha kunawalandira pageti: mankhwala okolopera ndi ubweya wonyowa. M'kati munali kauntala, sikelo yaikulu ya pansi, ndi paipi ya madzi yokulungidwa pakhoma. Kuseri kwa chitseko kunkamveka agalu, wina apa wina apo, ngati anthu ocheza m'chipinda chodikirira. Amene anawalandira anali mayi wamfupi wovala majombo a mphira, mkono uli ndi zipsera za zikhadabo, wooneka kuti anamvapo nkhani zonse zimene munthu angafotokoze zokhudza galu.

A Refa anayala khadi la katemera pakauntala monga munthu woyala chikho.

"Galu wamwamuna, wofiirira," anawerenga mayi wa majombo. "Bambo, aamuna ofiirira ndili nawo mzere wonse wa kumanzere. Lamba analibe, kachipangizo ka pansi pa khungu kosonyeza mwini wake alibe. Zithunzi muli nazo?"

Zithunzi zinalipo zambiri mufoni ya a Refa. Pa chilichonse panali a Refa: ataimirira, atakhala, ataluma wenzulo. Penate ankaoneka m'mphepete, pena mchira, pena khutu limodzi. Foni ya mayi inali yatsopano, mphatso ya mwana wawo, ndipo munali khanda lokhalokha.

"Chabwino. Ndiye anene yekha galuyo," anatero mayi wa majombo. "Timatero kuno. Kuseri kuli bwalo. Galu timamusiya kumapeto, mwiniwake amaima pamzere woyera n'kumuitana. Akabwera ndi mtima wonse, ndi wanu. Koma zikwama zonse zitsale pano, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Anthu amabwera ndi soseji m'mikono ya jekete. Wina anabwera atapaka mafuta a nyama m'masokosi. Galu wabwino amakhala ndi eni ake ambiri."

"Lamulo labwino kwambiri," anatero a Refa. "Bwalo lopanda malamulo ndi msika."

Mayiwo anaona chikwama chawo chikulowa m'kabati, kabati ikutsekedwa, kiyi akulowa m'thumba la ovololo.

Bwalolo linali la simenti, lalitali, mbali imodzi kuli makola a waya. Mayi, a Telala ndi a Makaniko anaimikidwa kuseri kwa chitseko cha waya. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi benchi yachitsulo, anatulutsa galu. Anali iyeyo. Anali ataonda, phazi lakutsogolo litakulungidwa bandeji yoyera bwino, yomangidwa ndi munthu wodziwa ndiponso wosafulumira. Galuyo anaima mutu uli pansi, maso ake a ng'ala osafika kutali, mphuno yodzaza mankhwala okolopera.

Munthu wina aliyense akanagwada n'kunena mofatsa kuti bwera kuno. A Refa anaima pamzere woyera, ndipo mzere woyera unawakumbutsa zambiri. Anatukula chifuwa, anakweza dzanja, anaimba.

Makola onse anaphulika. Aakulu, aang'ono, a mawu a besi ndi a mawu a singano, onse anauwa nthawi imodzi, akudziponya pawaya, mbale zachitsulo zikugubuduka. Penate anakwawira pansi pa benchi, nalozetsa nkhope kukhoma.

A Refa anaikanso wenzulo pakamwa.

"Musayerekeze," anatero mayi wa majombo, osakweza mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Refa anamvera lamulo la munthu wina ali pamzere woyera. "Bambo, kaya ndi wanu kaya si wanu, ine sindipereka galu kwa munthu amene galuyo akumuopa. Taonani mmene akunjenjemerera."

"Ndiyeseko ine," anatero akazi a Refa. "Ndine mkazi wawo."

Anawalola. Anaima pamzere, naitana. Koma mawu awo anali a m'khitchini, ozolowera galu wogona pamapazi, ndipo anamira m'phokosolo ngati mwala m'chitsime. Anaitananso, anaomba m'manja. Pansi pa benchi panangooneka msana wofiirira ukunjenjemera.

Mayi wa majombo anayang'ana kugeti, kumene banja lija likanatulukira nthawi iliyonse. "Pepani, amayi. Ndikuona kuti mukumufuna. Koma kufuna amafuna ambiri."

Mayiwo anayang'ana amuna awo, amene anaima pambali wenzulo ili m'dzanja ngati chinthu chotola. Anayang'ana a Telala ndi a Makaniko, amene makutu awo anali atatulukira pawaya. Zaka zonsezi anasunga nkhope ya mwamuna ameneyu monga munthu amasungira mbale ya alendo. Koma nkhope imamera ina. Galu akakwera galimoto ya eni ake atsopano, wapita.

"Mayi, m'chikwama changa chija..."

"Muli kapu yachitsulo ndi sipuni," anamaliza a Refa, maso ali kutsogolo, kumene kunalibe munthu. "Kapuyo ndi yosupuka m'mlomo. Si chakudya. Ndi zida za wothandizira refa. Malamulo amalola refa kufunsa wokweza mbendera wake zinthu zikavuta."

A Telala anatsegula pakamwa, ndipo a Makaniko anawaponda phazi.

Mayi wa majombo anapita kukabati, nabwera ndi kansalu kaja. Ananunkhiza kapu, ananunkhiza sipuni, nazitsuka ndi sopo pampopi wa pakhoma, chifukwa lamulo ndi lamulo. Kenako anazipereka.

"Dikirani atope kaye," anatero.

Anadikira. Agalu anayamba kusiya mmodzimmodzi, kutsala kamodzi kakang'ono ka kumapeto kamene kanali ndi mfundo zambiri. Nako kanamaliza. Mayiwo anagwira kapu pa chogwirira, monga m'mawa uliwonse.

Ngwe, ngwe.

Pansi pa benchi khutu limodzi linatembenuka.

Ngwe, ngwe.

Penate anatuluka chambuyo, anatembenuka, anakweza mphuno. Kenako anabwera, miyendo itatu ikugwira ntchito ya inayi, bandeji ikuwala, mchira ukupukusa thupi lonse. A Refa, mwa chizolowezi, anawerama kuti amugwire lamba. Lamba panalibe. Galu anawadutsa pansi pa mkono n'kukadzikhomera m'miyendo ya mayi, akulira kamawu kamene mayiwo anali asanakamvepo. Iwo anakhala pansi pasimenti yonyowa, diresi yawo ya ulendo ndi zonse, nagwira mutu wa galuyo, namuuza zinthu zingapo zimene sizinali za mboni.

Kenako galu anayang'ana m'kapu, nayang'ana mayi. Munalibe kanthu. Mayiwo anachita manyazi kuposa mmene anachitira pa nkhani ya sipuni: kwa nthawi yoyamba anali atamuitana pachabe.

"Amalandira chiyani?" anafunsa mayi wa majombo.

"Khungu la buledi. Lonyika mu tiyi."

Mayi wa majombo analowa mu ofesi, nabwera ndi buledi wa nkhomaliro yake ndi fulasiki. Ananyema khungu, nathira tiyi pang'ono m'kapu yachitsulo ija, napereka kwa mayiwo kuti anyike okha.

"Bandejiyi munamanga ndinu?" anafunsa akazi a Refa.

"Linali galasi. Latuluka lonse. Musamulole kunyambita." Anatembenukira kwa a Refa. "Koma nkhani yanu sinathe, bambo. M'nyumbamo mukhalanso inu. Ndione kuti sakuopani."

A Refa anavula wenzulo m'khosi, naiika m'thumba la buluku. Kugwada kunawatengera nthawi, mawondo akulira ngati zitseko za kabati yakale. Anatambasula dzanja. Penate anamaliza buledi wake kaye. Kenako anabwera, ananunkhiza zala, ananunkhiza pachifuwa pamene pankakhala wenzulo, ndipo atapeza kuti palibe, anatsamira mutu pa bondo lopwetekalo. A Refa sanadandaule za bondo.

"Basi, mutengeni," anatero mayi wa majombo. "Koma satuluka muno opanda kachipangizo ka pansi pa khungu, ndipo lamba asadzachokenso m'khosi. Banja lija ndilionetsa wina. Ofiirira sasowa."

Potsanzika, akazi a Refa anafuna kunena zambiri, koma panatuluka mawu amodzi okha, akale aja akuti zikomo, amene anawabwereza katatu. Mayi wa majombo anagwedeza mutu, natenga paipi yake. Kunali makola oti atsuke.

Pobwerera, a Makaniko ndi a Telala anakhala kutsogolo, akuyang'anitsitsa msewu ngati sanauonepo. Kumbuyo, galu anagona pamiyendo ya anthu awiri, mutu kwa mayi, mchira kwa bambo.

"Munadziwa liti?" anafunsa mayiwo chapansipansi.

"Tsiku loyamba. Shuga munali mutathira kale."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Refa amaona zonse, mayi. Amangosankha zoimbira. Mpira ukamayenda bwino suuimitsa."

"Nanga kudepoti kuja munapitiranji naye, mukudziwa?"

A Refa anasisita msana wa galu.

"Ndinkati mwina pa zaka zonsezi waphunzirako," anatero. "Munthu ukanena chinthu Loweruka lililonse, umayamba kuchimva ngati nkhani ya pawailesi."

Mayiwo anayang'ana pawindo kuti amuna awo asaone pakamwa pawo.

Loweruka lotsatira bolodi inayalidwa monga mwa nthawi zonse. A Telala anakamba za mtengo wa ulusi, a Makaniko za kasitomala amene anathira madzi m'malo mwa mafuta a mabuleki. Za agalu panalibe anazitchula, ngakhale galu anali pomwepo, lamba m'khosi, bandeji yatsopano kuphazi. Anthu amenewa anali ndi chifundo chawo, chobisika ngati ndalama ya m'sokosi. Mayiwo anatulutsa thireyi ya tiyi, naiika patebulo, natembenuka kuti abwerere.

"Mayi, takhalani kaye," anatero a Refa. "Apa, pampando wanga."

Anakhala. Penate anasamukira pamapazi awo.

A Refa anaimirira, nakonza kolala ya malaya. "A Makaniko, munali mboni pa mawu ena amene ananenedwa pakhonde pano."

"Aa, zija zisiyeni, a Refa," anatero a Telala. "Zinali zocheza. Ndipo woyambitsa ndinali ine."

"Inu mlandu wanu ndi wa khadi lachikasu, ndipo tidzaukamba. Lero ndi za wina." A Refa anatsokomola. "Wosewera amene ali pamaso panu ananena zimene sanachite, anavula mnzake lamba, ndipo anatsala pang'ono kuluzitsa timu yonse. Komanso kwa zaka zambiri analandira m'manja mwa anthu pa zigoli zimene ankamwetsa wina." Apa sanayang'ane akazi awo. "Wina amene sanapemphepo kuti dzina lake litchulidwe."

Anapisa m'thumba la malaya. Khadi lofiira linatuluka, lowala ngati latsopano, popeza linali lisanaonepo dzuwa chipumire iwo pantchito. Anaima mowongoka, zidendene pamodzi, nalikweza pamwamba pa mutu wawo womwe, nalisiya m'mwamba nthawi yokwanira kuti ndi a kumipando yakumbuyo omwe alione. Kenako anatulutsa wenzulo, naiika pathireyi pafupi ndi shuga, kutsogolo kwa akazi awo. Anatsika masitepe a khonde osatsutsa chigamulo, nazungulira nyumba, nalowa kukhitchini.

Mayiwo anayang'ana wenzulo ija, chingwe chake chakuda chitadzikulunga, ndipo anapeza kuti m'maso mwawo mwalowa kanthu.

M'khitchini munamveka kabati ikutseguka, ina ikutsekeka, chivindikiro chikugwa. Kenako: ngwengwengwengwengwe.

Penate anatsegula diso limodzi, nayang'ana mayi.

"Kawiri basi, bambo," anatero mayiwo cha pawindo. "Ndipo buledi munyike kaye."

Panapita kanthawi.

Ngwe, ngwe.

Galu anadzuka, anadziongola, napita motsimphina, mosafulumira, ngati munthu wokayendera wantchito watsopano.

"Mboni yaona," anatero a Makaniko. "Ngongole yatha. Alamu, mpando umenewo uli ndi masewera apakati. Ndi nthawi yanu."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, anayang'ana bolodi, ndipo anadya ana awiri a a Telala.